Lipoti: wapampando wa nthambi ya yuniyoni afuna teremu yachitatu pa fakitale ina ku Lusaka

Nkhani iyi inachitika pa fakitale ina yopanga zakudya kumadzulo kwa Lusaka, kudera la mafakitale komwe kumadutsa msewu wa Mungwi. Dzina la kampani, la yuniyoni ndi la anthu sinditchula, poti onse akadali pantchito ndipo amadyera m'kantini imodzi. Ntchito yanga ndi yophunzitsa makomiti a nthambi za mayuniyoni kakambidwe ka malipiro ndi kasungidwe ka mabuku. Nthawi zina likulu la yuniyoni limandituma kukayendetsa chisankho pamalo pomwe anthu asiya kukhulupirirana, ndipo ulendo uno linandituma chakumapeto kwa 2024.

Momwe nkhani inayambira

Nthambiyi ili ndi mamembala mazana angapo. Ambiri amakhala ku Kanyama, George, Matero ndi John Laing, ndipo amene kwawo n'kufupi amabwera wapansi kuti ya basi igule ndiwo. Wapampando ndi bambo wa zaka za m'ma 50, amene analowa pafakitalepo ali mnyamata wonyamula matumba. Aliyense amati Ba Chair, ngakhale mabwana. Anali atatsogolera materemu awiri a zaka zinayi zinayi, ndipo yachiwiri inatha kumapeto kwa 2023. Chisankho sichinachitike.

Zifukwa zimene komiti inapereka sizinali zabodza. Kolera inayamba kuvuta mu Lusaka mu Okutobala 2023, ndipo pofika Januware 2024 odwala anali akugonekedwa ku Heroes Stadium, masukulu osatsegulidwa mpaka Febuluwale. Palibe amene akanasonkhanitsa anthu a ku Kanyama mazana m'chipinda chimodzi nthawi imeneyo. Kolera itachepa kunabwera chilala, madzi anatsika ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri patsiku, fakitale n'kusokoneza mashifiti kuti makina aziyenda pamene magetsi alipo. Komiti inati anthu sangakumane. Kenako inati tidikire zokambirana za malipiro zithe kaye. Chifukwa chilichonse pachokha chinali chomveka, koma zonse zinkakomera munthu mmodzi yemweyo, ndipo anthu anasiya kumvetsera.

Chinautsa mkwiyo ndi pangano la malipiro limene komiti inasaina chapakati pa 2024. Malipiro anakwera, inde, koma osafika pomwe mitengo inafika. Theka lachiwiri la chaka chimenecho mitengo m'dziko inkakwera ndi 15 peresenti ndi kupitirira. Thumba la unga wa breakfast la makilogalamu 25 linadutsa K300, malasha anakwera poti aliyense anabwerera ku mbaula, ndipo mtengo wa zofunika pa banja la anthu asanu mu Lusaka, umene a JCTR, bungwe la Akatolika lofufuza za umoyo wa anthu, amawerengera mwezi ndi mwezi, unadutsa K10,000. Wantchito wa palaini sayandikira n'komwe ndalama imeneyo. Mabanja ambiri anasiya kugula thumba n'kumagula pamela, kapaketi kakang'ono ka unga, wa tsiku lomwelo. Komanso boma linali litakweza malipiro otsikitsitsa kuyambira Januware 2024, ndiye giredi yapansi pafakitalepo inangotsala pang'ono kufanana ndi ya munthu wopanda yuniyoni. M'kantini anthu ankafunsana kuti ndalama imene amadulidwa mwezi ndi mwezi ikuwagwirira chiyani. Pangano litangosainidwa, Ba Chair anakwezedwa kukhala supavaiza wa shifiti. Mwina anayeneradi, zaka zake pantchito n'zambiri, koma nthawi yake inali yoipa, ndipo mawu oti anamugula anayamba kuyenda.

Gulu la achinyamata, ambiri a ku packing ndi okweza katundu m'malole, linalembera kalata likulu. Linati chisankho chichitike chaka chisanathe, apo ayi likadandaula kwa Labour Commissioner, mkulu wa boma woona za ntchito, ndipo likalowa yuniyoni ina. Ku Zambia kuopseza kotere si kwamasewera. Kale, pansi pa lamulo la 1971, ntchito ya mtundu umodzi inali ndi yuniyoni imodzi basi, onse pansi pa ZCTU, bungwe lalikulu la mayuniyoni m'dziko. Zinasintha m'zaka za m'ma 1990. Dziko linavomereza mapangano nambala 87 ndi 98 a ILO, bungwe la dziko lonse lapansi loona za ntchito, onena za ufulu wa mayuniyoni mu 1996, lamulo la Industrial and Labour Relations Act linasinthidwa mu 1997, ndipo lero anthu 50 akasaina akhoza kupempha kulembetsa yuniyoni yawoyawo. N'chifukwa chake kumigodi kuli MUZ ndi NUMAW, kwa aphunzitsi kuli ZNUT, SESTUZ, BETUZ ndi ena. Ufuluwo ndi wabwino, koma ndinaonapo mayuniyoni awiri a pafakitale imodzi atakhala patebulo ndi bwana, aliyense maso ali pa mnzake, bwana akungomwa tiyi. Likulu linadziwa kuti likachedwa litaya theka la nthambi.

Kodi onse awiri aloledwa kuima?

Ndinayamba ndi Ba Chair, m'kaofesi ka yuniyoni pafupi ndi geti, momwe muli tebulo limodzi ndi kabati yachitsulo. Sanadikire kuti ndifunse.

"Aphunzitsi, ine sindinaletse munthu kuima. Koma anawa akuti ndakhalitsa. Chiluba anatsogolera ZCTU zaka 17, mpaka kutsekeredwa chifukwa cha antchito. Anamuuza ndani kuti wakhalitsa? Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Bwana akaona ine amadziwa kuti sangandinamize."

Gulu linalo linakana kulowa m'kaofesiko, choncho tinakumana pa kantemba kunja kwa mpanda. Linali litasankha mayi wa ku packing, wa zaka za m'ma 30, wolankhula mosathamanga, kuti ndiye apikisane. Za Chiluba anali atazimva kale, poti Ba Chair amazinena paliponse. Mnyamata wina anati, "Chiluba yemweyo, 2001 anafuna third term, dziko linamukana. Manje Ba Chair ni ndani? Tsobola wakale sawawa."

Mbiri onse anaitchula bwino. Frederick Chiluba anakhaladi pampando wa ZCTU kuchokera 1974 mpaka 1991 pamene anakhala pulezidenti wa dziko, anatsekeredwadi mu 1981 nthawi ya Kaunda, ndipo mu 2001 anayesadi teremu yachitatu n'kulephera. Koma nthambi imayendera malamulo olembedwa a yuniyoni yake, ndipo malamulo a yuniyoni iyi sanaike malire a materemu panthambi.

Achinyamata ananenanso kuti supavaiza ndi bwana, sangatsogolere antchito. Lamulo limapatuladi oyang'anira, anthu onga amene ali ndi mphamvu yolemba, kuimitsa kapena kukweza munthu pantchito. Ndinatenga pangano lovomereza yuniyoni pafakitalepo, limene m'maofesi amati recognition agreement, ndipo giredi ya supavaiza wa shifiti inali m'gulu la oimiridwa ndi yuniyoni. Munthuyu amagawa ntchito ndi kulemba lipoti, sachotsa munthu. Anthu a Ba Chair nawo anati mayi uja sangaime chifukwa ali pa kontrakiti ya chaka chimodzi chimodzi. Lamulo silinena zimenezo. Limafuna kuti woima akhale atagwira ntchito ya mtunduwo miyezi 12 kapena kupitirira, ndipo limakaniza anthu onga amene khoti linawapeza olakwa pa mlandu wachinyengo m'zaka zisanu zapitazo. Mayiyu anali ndi zaka zingapo pafakitalepo, akudulidwa ya umembala mwezi uliwonse. Ndinalemba kuti onse awiri aima, mbali zonse n'kundikwiyira.

Kaundula

Apa ndi pomwe panagona nkhani, ngakhale m'kalata yopita kulikulu munalibe liwu n'limodzi lomwe la kaundula. Wapampando wofuna kusankhidwanso sachita kufunika kuba voti. Iye ndi komiti yake ndiwo asunga buku la mamembala, ndiwo alandira mafomu a olowa kumene, ndiwo atchula tsiku, ndiwo agwira ndalama. Akhale munthu wabwino chotani, makiyi a mpikisano umene iye mwini akuthamanga ali m'thumba mwake. Ntchito yanga yoyamba pa chisankho chotere ndi kumulanda makiyiwo mwaulemu, iye asanaone ngati akuweruzidwa.

Ndinapeza mindandanda itatu yosagwirizana. Wa ku ofesi ya malipiro unali ndi okhawo amene ndalama ya yuniyoni imadulidwa papeyisilipi. Buku la mlembi wa nthambi linali ndi mayina ochulukirapo, kuphatikiza opuma pantchito ndi ena amene anamwalira, osati mwachinyengo, kungoti palibe amene ankafufuta. Wa kulikulu unatsalira chaka chathunthu. Zoterezi ndimazipeza pafupifupi paliponse, ndipo kuzikonza sikuvuta.

Chovuta chinali anthu amene panalibe pa mndandanda uliwonse. Kuyambira 2015 lamulo linaletsa kusunga munthu ngati casual pa ntchito yokhalitsa, ndipo Employment Code Act ya 2019 inapitiriza zomwezo. Makampani ambiri anangosamutsira anthu otere pa makontrakiti a nthawi yoikika. Pafakitale iyi gulu lalikulu la achinyamata linalowa motero, ndipo ambiri ankanena kuti fomu ya yuniyoni anasaina kalekale. Pamsonkhano woyamba mtsikana wina anaimirira n'kufunsa, "Ba Chair, mafomu yathu yali kuti?"

Anali m'kabati yachitsulo ija, m'envulopu yakhaki yomangidwa ndi mphira, pansi pa mulu wa makope akale a pangano la malipiro. Ena anasainidwa chaka chathunthu m'mbuyomo, m'mphepete mutayamba kufiira. Mlembi anati anapereka makope ku ofesi ya antchito. Ofesiyo inati sinalandire kanthu, ndipo panalibe chidindo chosonyeza wolondola. Ba Chair anati ankadikira kuti achuluke awapereke pamodzi. Momwe ndinaonera ine, poyamba kunali kungozengereza. Koma zitadziwika kuti achinyamatawa ndiwo akung'ung'udza, kuzengerezako kunayamba kukoma, ndipo palibe wa m'komiti amene anakumbutsa mnzake.

Malamulo a yuniyoniyi amati wovota akhale membala wolipira. Anthu a Ba Chair anagwira pamenepo: sanalipire, sangavote. Ine ndinati munthu amene anasaina fomu n'kuipereka m'manja mwa mkulu wa nthambi anachita mbali yake, ndipo sangalandidwe voti chifukwa cha envulopu imene sanaisunge iye. Ndinapempha mlembi wamkulu kulikulu kuti agamule polemba, osati pafoni. Chigamulo chinali chakuti aliyense amene fomu yake inasainidwa kalata yodandaula ija isanalembedwe alipire ya mwezi umodzi ku akaunti ya yuniyoni, abweretse lisiti, alowe m'kaundula. Malire a tsikuwo ndinawaika dala, kuti mbali inayo isayambe kusainitsa anthu usiku. Kaundula mmodzi tinamumata pogogodera khadi polowa ndi m'kantini kwa masiku asanu ndi awiri, mbali iliyonse ndi anthu ake awiri oyang'ana dzina ndi dzina. Wotsutsa dzina alembe chifukwa chake.

Panatsala okweza katundu. Awa amavala ovolo yofanana ndi anzawo, koma peyisilipi yawo ndi ya kampani ina imene imabwereketsa antchito, ndipo pangano lovomereza yuniyoni silifika kwa iwo. Ndiwo anali ophokosera kwambiri kumbali ya mayi uja. Ndinawauza maso ndi maso kuti savota. Mmodzi, bambo wamkulu ndithu, anati, "Aphunzitsi, katundu tinyamula ni umodzi, fumbi tipuma ni imodzi. Manje voti yekha ndiye yasiyana?" Ndinamuyankha za mapepala, chifukwa ndi zimene zinalipo. Kuwalola kukanapatsa kampani ndi aliyense wogonja chifukwa chokanira zotsatira, mwinanso kukasuma ku Industrial Relations Division ya High Court. Koma bamboyo sanalakwe kufunsa.

Thumba la maliro

Ndalama ya umembala imadulidwa papeyisilipi n'kupita kulikulu, ndipo yuniyoni imayenera kupereka mabuku ake kwa Labour Commissioner chaka ndi chaka. Imeneyo nthambi siigwira. Koma nthambi zambiri zimakhala ndi kathumba kapadera ka maliro, kosonkha okha, komwe diso la likulu silifika. Zisankho zambiri za panthambi zimene ndaona zikuvuta, mkangano weniweni umakhala pamenepa.

Pano anthu ankatumiza chopereka pa Airtel Money, ku nambala ya Ba Chair mwiniwake, chifukwa foni ya msungichuma inatayika zaka zapitazo ndipo palibe anaganiza zosintha. Zolemba zinali m'buku lakuda lachikuto cholimba, masamba ena ali ndi madontho a mafuta a makina. Mphekesera inali yakuti ndalamayi ndiyo inamanga nyumba yawo ya zipinda zitatu kumbali ya msewu wa Mumbwa.

Ndinawauza Ba Chair kuti sindingayendetse chisankho mphekeserayi ili m'malere. Ikakhala yoona, likulu liyenera kudziwa anthu asanavote. Ikakhala yabodza, iwo ndi amene apindule. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anapita okha kukasindikiza sitetimenti ya nambala yawo. Tinakhala pansi madzulo angapo ndi msungichuma ndi munthu mmodzi wa mbali inayo, wina akuwerenga buku, wina sitetimenti.

Za maliro zinagwirizana bwino: bokosi, galimoto yopita kumanda a Chingwere kapena yonyamula thupi mpaka ku Katete ndi ku Petauke, unga ndi malasha a panyumba ya maliro. Nyumba ija inapezeka kuti malata ake anagulidwa ndi 20 peresenti ya ndalama za penshoni imene NAPSA, yosunga penshoni ya antchito, inalola anthu kutapa mu 2023, njerwa n'zachilimba (ndalama zosonkherana mosinthanasinthana), ndipo mapepala anaonetsa. Komabe pakati pa zolowa ndi zotuluka panali mpata. Yankho linali kumasamba akumapeto kwa buku, mayina olembedwa ndi pensulo, ena okhwatchidwa, ena ayi. Zinali ngongole. Ambiri obwereka anali anthu ogwidwa ndi kaloba, ngongole ya katapira, amene wobwereketsa anawalanda khadi la kubanki n'kumatapa yekha tsiku la malipiro. Ena anali a odwala. Titaphatikiza zosabwezedwa, zinayandikira kwambiri mpata uja.

"Munthu wabwera usiku pakhomo panga akulira, mwana ali kuchipatala ku UTH," anatero Ba Chair. "Ndimuuze kuti dikira komiti ikumane?"

Sindikayika kuti zinachitikadi choncho. Koma thumbalo linali la maliro, panalibe msonkhano umene unavomereza ngongole, ndipo nditayang'ana mayina, ambiri anali a shifiti yawo ndi antchito akale okhazikika. Wachinyamata wa pa kontrakiti, amene nayenso ankasonkha, sankadziwa n'komwe kuti pali khomo logogoda. Uku si kuba, ndipo ndinalemba motero. Koma aliyense wolembedwa ndi pensulo uja anali ndi ngongole ziwiri, ya ndalama ndi ya voti, ngakhale Ba Chair sanaitchulepo yachiwiriyo.

Lipoti la thumbali linawerengedwa pamsonkhano wa onse anthu asanavote, popanda kutchula obwereka. Msonkhano unagwirizana kuti ndalama ipite ku akaunti ya kubanki ya osaina atatu, ndipo ngongole ziime mpaka palembedwe malamulo ake. Mayi wopikisana uja anaimirira n'kunena kuti, "Ba Chair sanabe, ndavomera pamaso pa onse. Koma ndalama inali ya tonse, chifundo chinali cha iwo okha." Kumbali ya Ba Chair kunalibe woyankha.

Kampeni

Makiyi otsala anali aang'ono. Pa gulu la WhatsApp la nthambi ankalemba ndi Ba Chair ndi mlembi okha, ndiye tinatsegulira onse opikisana. Bolodi la zidziwitso tinaligawa pakati ndi tepi. Wapampando ali ndi chilolezo choyenda m'madipatimenti nthawi ya ntchito pa zayuniyoni, pamene mnzakeyo akachoka palaini amalembedwa. Ndinapempha ofesi ya antchito kuti kwa milungu iwiri onse apatsidwe mpata wofanana nthawi ya nkhomaliro, ndipo inavomera. Ndinaikumbutsa kuti gawo 5 la lamulo lija la Industrial and Labour Relations Act limapatsa wantchito ufulu woima pa chisankho cha yuniyoni popanda kuvutitsidwa. Bwana wina anafuna kugulira zakumwa msonkhano wa Ba Chair. Ndinawalangiza akane, ndipo anakana mwachangu, poti anadziwa kuti botolo lililonse likanatsimikiza mawu aja oti anamugula.

Za mtundu sizinagwire ntchito ulendo uno. Onse awiri ndi akum'mawa, ndiye wa "wako ni wako" anasowa poyambira. Mzere unali pakati pa akale okhazikika ndi achinyamata a makontrakiti.

Ba Chair anali ndi zoloza. Basi yotula a shifiti ya usiku m'makomboni anaimenyera ndi iwo, ndipo ndi iwo amene anakakamiza kampani kulipira gratuity, ndalama yapadera ya 25 peresenti ya malipiro, pakutha kwa kontrakiti monga imanenera Employment Code Act. Achinyamata ena sankadziwa kuti ndalamayo poyamba inkavuta. Mayi uja anakamba za makontrakiti ongobwerezabwereza pa ntchito imene siitha, ndi za masupavaiza amene amafunsa mafunso mkazi akapempha Mother's Day, pamene lamulo limamupatsa tsiku limodzi pamwezi popanda kalata ya dokotala. Mfundo yake yamphamvu, kwa ine, inali yakuti komiti isasainenso pangano la malipiro isanabwerere kwa anthu kudzawauza zimene zili patebulo. Ba Chair analonjeza kuti iyi ndi teremu yomaliza. Wina atati alembe, anati mawu a munthu wamkulu ndi okwanira.

Tsiku lovota

Chifukwa cha mashifiti tinatsegula kusanache, kuti otuluka usiku avote asanakwere basi, n'kutseka usiku olowa atavota. Wovota ankaonetsa NRC, chitupa cha unzika, ndi khadi la pantchito, dzina lake n'kukhwatchidwa m'makope atatu a kaundula nthawi imodzi, chala n'kupakidwa inki. Papepala tinaika zithunzi pambali pa mayina, chifukwa si onse amawerenga momasuka. Mobisalira povota tinamanga ndi makatoni opanda kanthu a pafakitale pomwepo.

M'kantini muli kamera ya chitetezo, ndipo mphekesera inali itayenda kale kuti mabwana aona aliyense pomwe wachonga. Kamerayo sikanatha kuona papepala, koma kufotokoza zimenezo kwa munthu amene kontrakiti yake ikutha mwezi wamawa n'kutaya nthawi. Tinapempha mkulu wa alonda, iye anakwera pampando n'kuiveka chithumba cha pepala anthu akuona. Bokosi linali lapulasitiki loonekera mkati. Pakati pa mashifiti tinkamata pakamwa pake ndi tepi, oimira mbali zonse n'kusaina patepipo, ndipo silinachoke patebulo.

Tili mkati mowerenga magetsi anazima. Jenereta ya pafakitale imadyetsa makina okha, kantini ayi. Kunamveka phokoso, ena ayamba kukankhira kutsogolo. Ndinauza aliyense wa patebulo kuti akweze manja m'mwamba, ndipo anakhala choncho mpaka mafoni atayatsidwa kuzungulira tebulo lonse. Tinapitiriza, pepala lililonse likukwezedwa n'kutchulidwa mokweza. Za mavoti owonongeka tinali titagwirizana kale dzulo lake, kuti chizindikiro chilichonse chosonyeza bwino munthu mmodzi chiwerengedwa. Pepala limodzi linali lopanda chizindikiro, wina atangolembapo kuti "onse ni chimodzimodzi".

Zotsatira ndi zimene sizinathe

Ba Chair anapambana, koma mwapang'ono kwambiri. Kusiyana kwa mavoti kunali kochepa kuyerekeza ndi chiwerengero cha okweza katundu amene sanavote, ndipo mfundoyi ndinailemba m'lipoti langa kulikulu momwe ilili. Mlembi ndi msungichuma akale anagwa, mipando yonse iwiri n'kupita kumbali ya achinyamata. Ambiri, kuphatikiza ena amene anavotera Ba Chair, anafuna kuti patebulo la bwana pakhalebe munthu wodziwa, koma buku ndi ndalama zichoke m'manja mwake. Mayi uja anapempha kuwerenganso, tinawerenganso, ziwerengero sizinasinthe, ndipo anasaina pepala la zotsatira usiku womwewo. Ndikukhulupirira kuti envulopu yakhaki ija ikanakhalabe m'kabati, Ba Chair akanapambana ndi mavoti ambiri, koma pepalalo silikanasainidwa ndipo nthambi ikanagawika. Palibe amene anatuluka kupita ku yuniyoni ina.

Chimene chinkandidetsa nkhawa ndi kontrakiti ya mayiyu, imene inkatha patangopita miyezi yochepa. Lamulo limaletsa kuchotsa munthu chifukwa cha zayuniyoni, koma kontrakiti ikangotha yokha, papepala sipaoneka kuchotsedwa, ndipo kutsimikiza cholinga cha bwana kukhoti n'kovuta. Ndinalangiza komiti yatsopano ilembe kalata ku ofesi ya antchito isanafike nthawiyo, yonena kuti nthambi ikuyang'anira makontrakiti a onse amene anaima pachisankho, kope lipite kulikulu. Kalatayo anakaipereka ndi Ba Chair eniake. Kontrakiti inakonzedwanso kwa chaka chimodzi.

Nkhani ya malire a materemu nthambi singaigamule yokha, iyenera kupita ku msonkhano waukulu wa yuniyoni umene uli ndi mphamvu yosintha malamulo, ndipo mlembi watsopano walemba kale pempho. Za okweza katundu ndinazipereka kwa wolembetsa mamembala wa kulikulu. Lamulo limati wolemba ntchito anthu 25 kapena kupitirira amene angalowe yuniyoni ayenera kulembetsa kwa Labour Commissioner ndi kuchita pangano lovomereza yuniyoni yawo, ndiye njira ilipo kudzera ku kampani imene imawalipira. Zokambirana za malipiro zimayenera kuyamba miyezi itatu pangano lakale lisanathe, ndipo komiti inalemba m'maminitsi kuti isanasaine idzaitanitsa msonkhano wa shifiti iliyonse.

Ngongole za pensulo zija zikubwezedwa pang'onopang'ono ku akaunti yatsopano. Awiri mwa obwereka anasiya ntchito. Msungichuma akufuna awalondole kumakomboni kwawo, Ba Chair akuti zikhululukidwe, ndipo pamsonkhano wa komiti umene ndinakhalapo komaliza anaisiya nkhaniyo kuti adzaikambe mwezi wotsatira.